Banga la mafuta limachoka nsalu isanaone madzi

Kuno ku Chiwanga, kumpoto kwa Metangula, madzi ochapira sitisowa. Nyanja ili pakhomo, ndipo m'mawa uliwonse gombe limadzaza mabeseni. Koma taonani malaya a mnyamata wogwira injini ya boti, kapena chitenje cha mayi wokazinga mandasi. Zachapidwa ndithu, zikununkhira sopo, koma banga lili pomwepo. Zimandipweteka kuona chovala chimene munthu anavutikira kugula chikusanduka sanza ya kumunda chifukwa cha dontho limodzi.

Vuto limayamba ndi kuthamangira madzi. Mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Mukaponya chovala m'nyanja, ulusi wonse umamwa madzi, ndiye sopo amene mwapaka pambuyo pake amasungunuka n'kuthera mu thovu asanafike pamene pali mafutawo. Kufikisa mwamphamvu ndi kumenyetsa pamwala kumangofalitsa banga ndi kuperepesa nsalu.

Azakhali anga akhala akukazinga nsomba kwa zaka zambiri. Mafuta a m'chiwaya akawathovukira pa bulauzi, iwo amatapa ufa wa kondowole, kuwaza pabangapo mokhuthala, kusindikiza ndi chala, n'kusiya bulauziyo pamthunzi. Sapukuta, chifukwa kupukuta kumakankhira mafuta mkati mwa ulusi. Pakapita ola, ufa uja umakhala utaundana, utasanduka wachikasu. Amausasa, n'kuwazanso wina mpaka utasiya kusintha mtundu. Ufa woyera wa chimanga, choko cha kusukulu ndi paudala ya mwana zimagwiranso ntchito yomweyo: zimamwa mafuta amene sanalowerere.

Sopo amabwera pambuyo pake, nsalu ikadali youma. Tinthu ting'onoting'ono topanga sopo tili ndi mbali ziwiri: kumutu timakonda madzi, kumchira timakonda mafuta. Michirayo imalowa m'mafuta n'kuwazinga monga chilimira chimazingira usipa, kenako mitu imakokera timadontho tija m'madzi otsukuluzira. Kuti zimenezi zitheke pamafunika nthawi. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndiye wamphamvu kwambiri pa mafuta, poti anapangidwira ntchito imeneyo. Ngati palibe, nyowetsani nsonga ya sopo wochapira n'kupaka banga kunja ndi kunsi komwe, kapena pangani kaphala ka safu ndi madzi a m'supuni. Tikitani ndi chala kuchokera m'mphepete kulowera pakati, dikirani theka la ola, ndiyeno chapani m'beseni ndi madzi ofunda, omwe amafewetsa mafuta.

Banga la nsomba lili ndi khalidwe lakelake. Munthu wotumbula kampango kapena chambo samangodonthedwa mafuta okha, pamakhalanso magazi ndi zoterera za pakhungu la nsomba. Zimenezi madzi otentha amaziphika, n'kuzimata pansalu. Ndiye apa pokha yambani ndi madzi ozizira pamalo a magaziwo, kenako finyani, pakani sopo, madzi ofunda abwere pomaliza. Musachedwe nazo, chifukwa mafuta a nsomba akakhalitsa pamphepo amasanduka achikasu ndipo fungo lake limakanirira. Madzi a ndimu m'madzi otsukuluzira amachepetsa fungolo.

Chovuta kuposa zonse ndi girisi ndi oyilo wakuda wa injini, kaya ya boti kaya ya njinga zamoto zoyenda pakati pa Metangula ndi Messumba. Kuda kwake ndi mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo. Anyamata ambiri amathira petulo kapena palafini pa ovolosi, ndipo banga limasungunukadi. Ine njira imeneyi ndimaikana. Pagombe pathu moto suli patali: apa akuwamba nsomba, apo wina wayatsa fodya, ndipo nthunzi ya petulo imayaka ngakhale lawi lisanakhudze nsalu. Njira yabwino ndi iyi: palani girisi wapamwamba ndi msana wa mpeni, ikani kasanza kunsi kwa banga, donthezani mafuta ophikira pang'ono n'kutikita. Mafuta amasungunula mafuta anzake, ndipo mudzaona kuda kukutsikira m'kasanza kaja. Pamatsala banga la mafuta ophikira, lomwe sopo amalitha. Ovolosi yonyowa ndi oyilo wogwira kale ntchito isamavalidwe masiku ambiri osachapa, poti oyilo ameneyu amawononga khungu.

Majezi a mpira ndi zovala zambiri za m'kaunjika ndi za poliyesita, ulusi wochokera ku mafuta a pansi panthaka. Ulusi umenewu umakana madzi koma umakakamira mafuta kuposa thonje, choncho pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Jik woyeretsera zovala sasungunula mafuta. Pa bulauzi yoyera ya kutchalitchi akhoza kungoonjezera chikasu.

Makolo athu ankachapa ndi madzi a phulusa, ndipo ankadziwa chimene akuchita: mchere wa m'phulusa ukakumana ndi mafuta umapanga sopo pomwepo. Pa thonje lolimba la ku ntchito njirayi ikadali yothandiza, koma imawawula manja ndipo imatha kusulutsa chitenje.

Madzi akuda a m'beseni asabwerere m'nyanja. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza mbali yathu ya nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa, ndipo nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Pafupi ndi gombe, pomwe timachapira, ndi pomwe ana athu amasambira ndiponso pomwe ena amatunga madzi akumwa. Kanyamuleni beseniyo mukakhuthule m'kadzenje kumtunda, kutali ndi chitsime.

Mukatha kuchapa, yanikani pamthunzi, chifukwa nsalu yonyowa imabisa banga. Ikauma, ikwezeni muiyang'ane kowala. Mukaona kamthunzi ka mafuta, simbi isayandikire, poti kutentha kwake kumakhazikitsa zotsalazo mu ulusi. Bwererani ku sopo pansalu youma, mudikirenso theka la ola lija.