Chisangalalo chisasanduke maliro: khwimbi likasonkhana udindo ndi wa yani?

Pa 6 Julayi 2017, tsiku limene dziko la Malawi linkakumbukira kuti latha zaka 53 lili pa ufulu wodzilamulira, anthu analawirira ku bwalo la Bingu mumzinda wa Lilongwe kukaonera zisangalalo, kuphatikizapo mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsekulidwa, khwimbi linkangokulirakulira, ndipo anthu atayamba kukankhana apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi. Anthu 8 anafa pa mpanipaniwo, 7 mwa iwo anali ana.

Zoterezi zikachitika ambiri amathamangira kunena kuti anthu ndi osamva. Koma ngozi za m'maiko a kuno kwathu zimafanana magwero. Mu Julayi 2000 anthu 13 anafa pa bwalo lalikulu la ku Harare apolisi ataponya utsi womwewu pa mpira wa Zimbabwe ndi South Africa. Mu Novembala 2014 anthu 11 anafa pa bwalo la Mbizo ku Kwekwe polimbirana chipata chimodzi potuluka pa mapemphero. Konseko vuto linali anthu ochuluka, njira yochepa ndi chiganizo cholakwika cha oyang'anira.

Ambiri ofera pa mpanipani amafa ndi kubanika. Anthu akathinana mpaka 6 kapena 7 pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, munthu sangasankhenso kolowera, ndipo chifuwa chimakanika kufufuma kuti apume. Amene ali kumbuyo saona zimene zikuchitika kutsogolo, choncho amangokankhabe. N'chifukwa chake chitetezo chimayamba anthu asanafike.

Dziko la South Africa linaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg pa mpira wa Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza milandu Bernard Ngoepe anapeza, mwa zina, kuti okonza masewerowo anaphonya kuyerekeza kuchuluka kwa anthu, ndiponso kuti magulu achitetezo sankagwirira ntchito limodzi. Mu 2010 dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti apolisi aziyamba aunika kukula kwa chiopsezo cha masewero ndi zisangalalo zikuluzikulu, ndipo pa zoopsa kwambiri pazikhala malo amodzi olamulira zonse.

Phunziroli silithera m'mizinda. Mabungwe ambiri amaitana magulu oimba, azisudzo ndi magule pofalitsa uthenga wa ulimi kapena wa zaumoyo pa bwalo la sukulu. Walira mvula walira matope: woitana khwimbi wadzisenzetsa udindo wolisamala, ndipo ntchitoyo iyenera kugawidwa tsiku lisanafike.

Wokonza mwambo ndiye mwini udindo waukulu. Ayerekeze anthu amene angabwere, adziwitse mfumu, apolisi ndi chipatala chapafupi, komanso asankhe munthu mmodzi wodziwika kwa onse amene ali ndi mphamvu yoimitsa mwambo. Ngati pali mphatso zogawa, monga malaya kapena mbewu, zisaponyedwe m'khwimbi. Zigawidwe pamzere, kutali ndi nsanja.

Mwini malo aonetsetse kuti zipata zonse zatsekulidwa pa nthawi imene inalengezedwa, ndipo sizikhomedwa anthu ali m'kati. Ogulitsa malonda, njinga ndi galimoto zisatseke njira yotulukira.

Olondolera anthu avale zowazindikiritsa. Ntchito yawo si kuonera oimba koma kuyang'ana khwimbi, ndipo mmodzi aime pamalo okwera. Akaona anthu akugwedezeka ngati chimanga pamphepo, kapena wina akulephera kukweza manja, anene msanga. Ana ndi okalamba apatsidwe malo awoawo pambali.

Apolisi alipo kuti ateteze anthu ku umbanda ndi kuthandiza pa ngozi. Zikwapu ndi utsi wokhetsa misozi pa anthu opanikizika zimangowonjezera imfa, chifukwa aliyense amathawira kumodzi. Othandiza ovulala, monga a Red Cross, akhale pamalo ooneka, ndipo galimoto yonyamula odwala ikhale ndi njira yakeyake.

Woimba ndi woyendetsa mwambo ali ndi chida chimene ena alibe: chokuzira mawu. Akauzidwa kuti zavuta aimitse nyimbo nthawi yomweyo, n'kupempha modekha kuti akumbuyo abwerere pang'ono.

Inunso oonerera muli ndi mbali yanu. Mukafika yang'anani potulukira. Mukapanikizika ikani mikono patsogolo pa chifuwa, musawerame kutola chimene chagwa, ndipo muzisendera cham'mbali pang'onopang'ono osalimbana ndi khwimbi. Mwana wamng'ono mumunyamule.

Komiti yanu ikakhala pansi kukonza chionetsero chotsatira, isanakambe za oimba ndi zakudya, iyambe yalemba mayina: ndani atsekule chipata, ndani ayang'ane khwimbi, ndani angalamule kuti nyimbo ziime. Ngati funso limodzi mwa atatuwa lilibe dzina, mwambowo sunakonzeke.