Maso ndi makutu pa chiyambi cha filimu ya ku Wimbe

Mphepo sioneka, koma amene anapanga filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019 anafunika kupeza njira yoti oonera aimve ngati ikuwaomba. Filimuyi imakamba za William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe, yemwe anapanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo njala ya 2002 itavuta. Wotsogolera filimuyi, Chiwetel Ejiofor, anaijambulira m'boma la Kasungu momwemo, ndipo kamera inali m'manja mwa katswiri wa ku Britain, Dick Pope. Munthu wa ku Kasungu akamaonera, dothi ndi minda yake sizimudabwitsa chifukwa ndi zakwawo.

Filimuyi imayambira kumunda. Amuna ali pantchito, kenaka a John, bambo ake aakulu a William, akugwa pansi. Posakhalitsa anthu ali pamaliro, mapemphero ali mkati, gule wamkulu akutulukira. Mawu olankhulidwa ndi ochepa, koma woonera wamva kale kuti banjali lataya mzati.

Chimene diso limalandira ndi zithunzi zoima, 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ubongo ndi umene umazilumikiza kuti zioneke zikuyenda. Kamera ikaima patali, munthu amachepa ndipo munda umakula, motero woonera amaona kuti moyo wa banjali uli m'manja mwa nthaka ndi mvula. Ikayandikira nkhope, ntchito imapita ku kachigawo ka ubongo kozindikira nkhope. Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa zaka pafupifupi 100 zapitazo kuti nkhope imodzi yomweyo, ikatsatana ndi mbale ya chakudya, anthu amati mwiniwake ali ndi njala, koma ikatsatana ndi bokosi la maliro amati ali ndi chisoni.

Kujambula mawu kuli ndi zovuta zake. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pomwe kuwala kumafika nthawi yomweyo. Mlimi wa fodya akamadula mitengo ya chigafa kutsidya kwa dambo, nkhwangwa imaoneka ikutera, kugunda kwake n'kumveka pambuyo. Phokoso limachepanso mphamvu likamayenda mtunda, n'chifukwa chake maikolofoni amaipachika pandodo yaitali pamwamba pa ochita sewero, ngakhale kamera ili kutali. Panja amaiveka chovala chaubweya, chifukwa mphepo ikaomba kachikopa ka mkati mwake pamamveka chimkokomo chokhachokha. Kawirikawiri kuwayula kwa masamba a chimanga ndi mapazi a anthu amazijambula padera n'kuziphatikiza pambuyo.

Ng'oma za pamaliro aja ndi nkhani ina. Khutu la wachinyamata limamva kugwedezeka kwa mpweya kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kulira kwa ng'oma yaikulu kuli kumunsi kwa muyeso umenewu, ndipo kukakwezedwa kumamveka mpaka pachifuwa. Sipika ya foni siitha kutulutsa bwino mawu a besi otere, choncho woonera pafoni amaphonya mbali ya malirowo.

Apa mpamene ambiri amakweza voliyumu mpaka kumapeto, kaya pa mahedifoni kapena m'nyumba zoonetsera kanema. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi tomwe timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo kwa ana muyeso wake ndi 75. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imadulidwa pakati. Amene watuluka koonera kanema m'makutu mukulira kuti ziii, kapena akumva anzake ngati akulankhulira patali, ayenera kupumitsa makutu, ndipo zikapitirira masiku angapo apite kuchipatala akamuyeze.