Nyumba zatsopano ku Chiponde: magetsi a pamzere kapena sola?

Ndalama za ku Joni zasintha nkhope ya Chiponde. Kuchokera ku Namwera mpaka pachipata cholowera ku Mandimba, nyumba za njerwa zootcha zikumera ngati bowa, ndipo malata akangokhomedwa mkangano umayamba: kudikira chingwe cha magetsi kapena kugula sola?

Nyumba ina yazipinda zinayi pafupi ndi msika ikuonetsa pamene pagona nkhani. Mawaya anayalidwa bwino, masoketi ali m'chipinda chilichonse, koma bokosi la mita pakhonde lidakali lopanda kanthu. Padenga pali mapanelo awiri, batire ndi inveta zili pansi pa tebulo pabalaza, zofundidwa chitenje kuopa fumbi. Usiku mababu amawala, TV imayankhula, ana a oyandikana nawo amabwera kudzatchaja mafoni. Koma ketulo yomwe bambo anatumiza kuchokera ku Johannesburg inabwerera m'katoni, chifukwa ikangolumikizidwa inveta imalira n'kuzimitsa nyumba yonse. Choncho m'bandakucha wa Julaye, mphepo ya kumapiri kuno ikuluma zala, mayi amakhala panja akukupiza mbaula kuti anyamata apeze madzi ofunda asanapite ku mzikiti.

Ogulitsa sola amati ukagula wathana nazo, palibenso zogula mayunitsi. Mawuwa ndi oona pa kuwala kokha. Babu la masiku ano limadya mawati osakwana 10, pamene ketulo imafuna pafupifupi 2,000. Chimene chimadya mphamvu m'nyumba ndi kutentha: kuphika, kusita, kufunditsa madzi. Batire la asidi ukalikakamiza ntchito imeneyi limafa msanga, ndipo latsopano limachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera nawo.

Okonda sola amayankha kuti magetsi a pamzere ndi osadalirika, ndipo sakunama. Ambiri mwa magetsiwa amapangidwa pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unatenga chaka ndi miyezi. Komabe kuzimazima kumathetsedwa ndi panelo laling'ono la mababu ndi mafoni. Si chifukwa chokanira chingwe chomwe chingayendetse mbaula yamagetsi, simbi ndi filiji, pamene ndalama zokonzera makina ake zimagawidwa kwa anthu ambirimbiri.

Nzeru yake ndi kugawa ntchito nyumba isanapakidwe pulasitala. Mawaya ayalidwe moyembekezera mita, fomu yofunsira magetsi ipite maziko akadali aawisi, ndipo madzi osamba apatsidwe dzuwa mwachindunji. Giza ya machubu agalasi imafunditsa madzi popanda batire, ndipo thanki yake imasunga kutentha mpaka m'mawa. Zoona, imafuna madzi a m'mipope kapena thanki yokwezeka, ndipo masiku a chiperoni madzi amangokhala ofunda pang'ono. Koma zambiri zimakhala ndi kachitsulo kotenthetsera ndi magetsi, kogwira ntchito mitambo ikakana kuchoka. Chofunika n'chakuti kalipentala adziwiretu, chifukwa giza ya malita 150 ikadzaza imalemera kuposa matumba atatu a simenti, ndipo mitengo ya denga la wamba singapirire.

Pakadali pano njinga za makala zikutsikabe m'mawa uliwonse kuchokera chakunkhalango ya Namizimu, ndipo zambiri zimatsitsa matumba pazipata za nyumba zomwezi za mapanelo padenga.