Kalata ya ku Khoti: Udindo wa Munthu Wamba Poweruza Mnzake

Lero ndifuna tilingalire pamodzi za kalata ina imene imafika m'makomo mwa anthu ku England ndi ku Wales, imene ambiri akaitsegula mtima umawagunda. Kalatayo imachokera ku khoti, koma siitana munthu kuti akayankhe mlandu. Imamuitana kuti akakhale mmodzi wa anthu wamba 12 amene adzamve mlandu wa munthu wina ndi kugamula ngati ali wolakwa kapena ayi. Gulu limeneli Angerezi amalitcha jury. Nkhaniyi si yakutali ndi ife, pakuti Amalawi ndi Azambiya okhala ku Britain mwachilolezo, pokhala nzika za maiko a Commonwealth, amaloledwa kulembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo maina a oitanidwawo amatengedwa m'kaundula yemweyo.

Tiyambe ndi ntchito yake. Milandu ikuluikulu, monga kupha munthu ndi kugwirira, imazengedwa ku khoti lotchedwa Crown Court. Kumeneko ntchito imagawidwa pawiri. Woweruza amatsogolera mlandu, amafotokoza zimene lamulo likunena, ndipo munthu akapezeka wolakwa ndiye amapereka chilango. Koma funso lalikulu, lakuti kodi wozengedwayo adachitadi zimene akumunenerazo, saliyankha woweruza ayi. Amaliyankha anthu 12 aja, amene mwina wina ndi mphunzitsi, wina woyendetsa basi, wina mayi wolera ana pakhomo. Poyamba amayesetsa kuti onse amvane chimodzi. Zikakanika, kuyambira mu 1967 lamulo limalola woweruza kulandira chigamulo cha anthu 10 mwa 12.

Kodi mwambo umenewu udachokera kuti? Kalekale Angerezi akasowa umboni ankamuyesa munthu m'njira yofanana ndi mwabvi wa makolo athu. Ankamugwiritsa chitsulo chamoto, kenaka nkumanga dzanjalo ndi nsalu. Pakapita masiku atatu, bala likaoneka kuti likupola ankati munthuyo ndi wosalakwa. Ena ankamangidwa ndi kuponyedwa m'madzi: womira ankayesedwa wosalakwa, woyandama wolakwa. Wansembe ndiye ankadalitsa chitsulocho ndi madziwo. Koma mu 1215, pa msonkhano waukulu wa Lateran ku Rome, Papa Innocent wachitatu ndi maepiskopi adaletsa ansembe kutengako mbali pa mayeso otere. Popanda wansembe mayesowo adatha mphamvu, ndipo makhoti a ku England adayamba kudalira anthu a m'dera olumbira kuti anena zoona. Chomwecho katundu amene kale ankatulidwa pa chitsulo ndi pa madzi adasenzetsedwa chikumbumtima cha anthu.

Nanga ndani angaitanidwe? Lamulo la 1974, monga adalikonzera pambuyo pake, likutchula zinthu zitatu. Munthu akhale wa zaka zoyambira 18 mpaka 75. Dzina lake likhale m'kaundula wa ovota. Ndiponso akhale atakhalapo m'dzikomo zaka zosachepera zisanu chikwanitsire zaka 13. Safunsa za maphunziro, safunsa za chuma. Maina amasankhidwa ndi kompyuta mwa maere, kotero palibe angadzipereke yekha, palibenso angatumize mbale wake m'malo mwake.

Tisaganize kuti khomo limeneli lidali lotseguka chiyambire. Amayi adaloledwa ndi lamulo la 1919, ndipo oyamba adakhala pa mipandoyo mu 1920. Ngakhale pamenepo, munthu ankayenera kukhala mwini nyumba kapena wolipira msonkho wa nyumba, kotero osauka, achinyamata ndi amayi ambiri ankatsalabe kunja, mpaka lamulo la 1972 lidachotsa chopingacho. Ansembe, abusa, apolisi, maloya ndi oweruza sankaloledwa, ndipo madokotala adali ndi ufulu wokana; koma kuyambira mu 2004 onsewa amaitanidwa monga wina aliyense. Otsala kunja lero ndi ochepa: amene ali pa belo, amene adalamulidwapo kukhala m'ndende zaka zisanu kapena kuposerapo, amene adalandira chilango cha ndende kapena cha ntchito yotumikira anthu m'zaka 10 zapitazo, ndi amene matenda a maganizo awalepheretsa kuzindikira zinthu.

Tinene zoona, abale anga: ntchitoyi ndi yolemetsa. Kawirikawiri imatenga masiku 10 a ntchito, ndipo milandu ina imatha miyezi. Khoti sililipira malipiro. Limangobwezera ndalama za ulendo, za chakudya, ndi gawo la zimene munthu wataya posapita ku ntchito. Bwana ayenera kulola wantchito wake kupita, koma kwa munthu wodzilemba yekha masiku amenewo amapweteka thumba. Komanso pali zowawa za mumtima, pakuti munthu amamva umboni wa zinthu zoopsa zimene sakadafuna kuzimva. Nchifukwa chake lamulo lili ndi chifundo: wodwala, wolemba mayeso, kapena wosamala wodwala angathe kupempha kuti tsiku lisunthidwe, kapena kuti amukhululukire. Koma wongonyalanyaza kalata angathe kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 1,000.

Komabe si mantha a chindapusa amene ayenera kumudzutsa munthu. Imvani zimene zidachitika ku London mu 1670. William Penn ndi William Mead, a chipembedzo cha Quakers, adagwidwa chifukwa chochititsa msonkhano wa mapemphero mu msewu wa Gracechurch, ndipo adazengedwa mlandu ku khoti la Old Bailey. Oweruza ankafuna kuti awiriwo apezeke olakwa, koma anthu 12 aja adakana. Adatsekeredwa usiku uwiri opanda chakudya kapena chakumwa, koma sadasinthe mawu. Pamenepo adawalipitsa chindapusa, ndipo mmodzi wa iwo, Edward Bushel, adalolera kukhala m'ndende kusiyana ndi kulipira. Nkhani itafika kwa woweruza wamkulu John Vaughan, iye adagamula kuti anthu a jury sangalangidwe chifukwa cha chigamulo chawo. Chikwangwani chokumbutsa anthu amenewa chilipo mpaka lero ku Old Bailey. Taonani: Penn ndi Mead adapulumutsidwa ndi anthu osawadziwa, amene akadatha kunena kuti, ife zikutikhudza chiyani?

Ufulu umenewu uli ndi malamulo ake. Wolowa m'gululi amalumbira, kapena kulonjeza ngati safuna lumbiro, kuti adzagamula potsata umboni wokhawo woperekedwa m'khoti. Saloledwa kufufuza za mlanduwo pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2015 wochita zimenezi angathe kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Chifukwa chake nchomveka: zimene munthu wawerenga kumbali, wozengedwayo alibe mwayi woziyankha. Saloledwanso kuulula zimene adakambirana m'chipinda, ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wake, kuti aliyense alankhule momasuka. Ndipo sayenera kunena kuti munthu ndi wolakwa ngati mumtima mwake sadatsimikize.

Tsono lingalirani, inu omvera: chingachitike nchiyani ngati anthu onse oleza mtima, odziwa kumvetsera, apeza chifukwa chozembera? Mipando 12 ija idzadzazidwabe, koma chilungamo chidzaonda. Pa tsiku la mlandu pali anthu awiri amene akudikira: wina adalakwiridwa ndipo akulira kuti amvedwe, wina akunenezedwa ndipo mwina ndi wosalakwa. Onsewo alibe kwina koyang'ana koma kwa alendo aja. Akuluakulu adati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina woima m'khotimo angakhale mwana wanu, ndipo mudzalakalaka kuti omumvera akhale anthu amene adabwera ndi mtima wonse.

Choncho inu amene kalatayi ingakufikeni, iyankheni msanga. Ngati muli ndi chovuta chenicheni, chineneni moona. Ngati mulibe, konzani za pakhomo ndi za ku ntchito, mupite, mukamvetsere bwino, ndipo mukanene chimene mwatsimikiza, ngakhale anzanu 11 akuona mwina. Tsalani bwino, tidzamvananso.