Mkaka wa M'citini ndi Mau a Ogulitsa

Lero tikambirana za mkaka wa m'citini, ndi za njira zimene ogulitsa akopa nazo mitima ya anthu.

Munthu akalowa m'sitolo, maso ndiwo ayamba kugula. Aona citini cowala ndi malembo okongola, ndipo ayesa kuti cakudya cocokera ku fakitale ciposa cimene ali naco kwao. Koma akulu akale anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

M'caka ca 1939 Dr. Cicely Williams, dotolo wamkazi amene kale anagwira nchito ku Gold Coast, ndiyo Ghana ya lero, analankhula ku Singapore nadzudzula ogulitsa mkaka wa kondensi, pakuti anaona makanda akufa pooleredwa ndi mkakawo. Mkaka wa kondensi uli ndi shuga wokwana magawo 4 mwa magawo 10 a kulemera kwace, ndipo suyenera khanda konse.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 makampani anacurukitsa malonda a mkaka wa ufa m'Afirika, m'Asia ndi kwina. Anaulengeza pa wailesi, anagawa zitini zaulere m'zipatala, ndipo ena anatuma akazi ogulitsa obvala ngati anamwino.

Msampha wace unali wotere. Mwana akaleka kuyamwa, mkaka wa m'mawere ucepa, ndipo citini caulere cikatha, mai ayenera kugula cina. Popeza mtengo wace ndi waukuru, athira madzi ambiri kuti ufa ukhalitse, ndipo mwana ayamba kuonda. Tsono ngati madziwo ndi osaphitsa, kapena botolo silinaphikidwe, mwana atsegula m'mimba. Njala ndi nthenda zikakomana m'thupi la khanda, imfa iri pafupi.

M'caka ca 1974 bungwe la War on Want la ku London linaulula macitidwe awa, ndipo mu 1977 anthu a ku America anayamba kukana kugula katundu wa kampani ya Nestlé. M'mwezi wa May 1981 msonkhano wa World Health Organization ku Geneva unapangana malamulo a kagulitsidwe ka mkaka wa makanda. Maiko 118 anabvomera, ndipo United States yokha inakana. Malamulowo aletsa kulengeza mkakawu kwa anthu wamba, kupatsa amai zitini zaulere, ndi kuika cithunzi ca khanda pa citini. Komabe agwira nchito kokha kumene boma la dziko lawalemba m'malamulo ace, ndipo mu 2022 bungwe lomwelo linaonetsa kuti ogulitsa afikira amai kudzera pa intaneti.

Nanga ticite ciani? Madotolo alangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo pambuyo pace alandire phala ndi zakudya zina, akuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Alipo ana ena, monga amasiye, amene asowadi mkaka wa m'citini. Pamenepo wolangiza akhale wa kucipatala, osati mwini sitolo ai. Inu atate, ndalama ya citini mugulire mai nsomba, nyemba ndi mtedza, kuti akhale ndi mphamvu poyamwitsa.

Tsalani bwino nonse.