Altezza yagona pa njerwa ku Chelstone: kusintha clutch pa nyumba si masewera

Mfana wina wa ku Chelstone ali ndi Toyota Altezza ya manual, ija ya magiya 6. Pa Friday usiku yonse Woodlands imamumva akabwera. Koma manje motoka yagona pa yadi sabata yachitatu, gearbox ili pansi pa mtengo wa mango, ndipo ba landlord ayamba kufunsa ngati pa nyumba pawo pasanduka garaji. Mwine wake akukwera basi ngati ife tonse.

Nkhani inayamba pa Munali flyover. Anaponda mafuta, injini inalira maningi, koma motoka siinathamange, kenaka kunamveka fungo la chinthu chopsa. Ngati yanu ichita so, dziwani kuti clutch yayamba kuterereka.

Clutch plate imakhala pakati pa flywheel ndi pressure plate, yopanikizidwa zolimba kuti mphamvu ya injini ipite ku gearbox. Mukaponda pedal, release bearing imamasula plate ija kuti mulowetse giya. Ikadyeka, siigwiranso. Choidya kwambiri si mtunda ayi, ndi jam ya Great East Road, phazi lili theka pa pedal kuchoka Arcades mpaka mu tauni. Onjezani ma spin a pa weekend, mwaimaliza.

Ba makanika atamuuza mtengo, mfana anati, "Awe mudala, nizachita neka, vonse vili pa YouTube." Zoona, zimatheka. Altezza imakoka ndi mawilo akumbuyo, ndiye injini simuitulutsa. Mumasula batire, mukhetsa oilo ya gearbox, muchotsa prop shaft mutaika chizindikiro pomwe inalumikizana, ndiye starter, slave cylinder ndi gear lever. Pomaliza ndi mabauti ogwira gearbox ku injini.

Apa ndiye pofunika kumvetsera. Osalowa kunsi kwa motoka yoima pa jeki chabe, kapena pa njerwa monga anachitira mnzathuyu. Jeki imatsika yokha, njerwa imaphwanyika osachenjeza. Bwerekani ma axle stand, ndipo mawilo otsala pansi muwatsekere. Gearbox nayo ndi yolema, ingathyole nthiti. Pezani jeki yachiwiri yoilandira ndi mnzanu mmodzi amene sanamwe.

Mfana wathu anagwa pawiri. Choyamba, anapita kogula masipeya mu tauni chimanjamanja, nabwera ndi plate yosiyana mano a pakati. Nyamulani yakale, muwerenge mano pamodzi ndi wogulitsa. Gulani kit yonse, plate, pressure plate ndi release bearing, chifukwa bearing yakale ikayamba kulira mwezi wamawa mudzatsitsanso gearbox. Poti mwatsegula kale, onani ngati flywheel ili ndi ming'alu kapena mabala akupsa, komanso ngati seal ya kumbuyo kwa injini siikudontha. Oilo kapena girisi ikafika pa plate yatsopano, ndalama zapita.

Chachiwiri, anamanga popanda alignment tool, kachitsulo kamene kamaika plate pakati penipeni. Ikapatuka pang'ono chabe, gearbox imakana kulowa, olo muikankhe anayi. Osaikoka ndi mabauti kuti ilowe mokakamiza, mudzapinda plate. Onaninso kuti plate yayang'ana mbali yoyenera, ndipo mabauti a pressure plate mangani pang'onopang'ono modumphadumpha, pomaliza ndi torque wrench.

Mukatsiriza, yendetsani mofatsa makilomita mazana angapo kuti plate ikhazikike. Kukaonetsa anyamata pa car wash ya ku Kabwata tsiku lomwelo, iwalani.

Nanga mfana uja? Dzulo anaitana ba makanika omwe aja. Anafika, anayang'ana mabauti osakanizika mu chigubu cha ayisikilimu, napukusa mutu: "Mwana wanga, manje mtengo wakwera. Niyambe nasakila vamene unataya."

Ngati muli ndi zida, malo osalala ndi munthu amene anaichitapo, yesani. Ngati muli ndi sipanala ziwiri ndi bundle ya data chabe, tionana pa station.