Ankhoswe a m'fakitale ya mankhwala

Inu omvera a ku Moatize ndi ku Zóbuè, makamaka amene mumamwa losartan chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, tamvani mmene piritsi limenelo limapangidwira.

Ku fakitale amafunika kulumikiza zinthu ziwiri zimene pazokha sizigwirana. Ndiye amathiramo pang'ono chabe chitsulo chotchedwa palladium. Chitsulochi chili ngati ankhoswe: chimakumanitsa awiriwo, koma icho sichilowa m'banjamo. Akatswiri atatu amene anatulukira njira zoterezi, Heck, Negishi ndi Suzuki, analandira mphoto ya Nobel mu 2010.

Komatu ankhoswe sagona m'nyumba ya mkwati. Ntchito ikatha, chitsulocho amachisefa, kenako amayeza mankhwalawo kuti aone ngati chatsalamo chopitirira muyezo. Kuyezaku kumafuna makina odula, ndipo wopanga mankhwala mozemba sangadzivute nako.

N'chifukwa chake mapiritsi omangidwa m'kapepala, opanda dzina kapena tsiku lothera mphamvu, amene mumawaona pamsika ndi pamalire paja, musagule ngakhale atchipe bwanji. Ndi maso simungadziwe zimene zili m'katimo. Katengeni kuchipatala kapena ku farmácia yovomerezeka, ndipo pemphani kuona paketi yake.